Mano a Pulagi

Sipanala, makaniki wosafuna kuuzidwa zochita, anabwezera kompyuta ya injini m'galimoto yake m'mawa umenewo, koma galimotoyo inakana kulira. Dzanja lake lamanja linali m'bandeji, mkazi wake ankamudikira kuchipatala ndi khanda la masiku awiri, ndipo womuthandiza anali mlamu wake, mphunzitsi wa masamu amene mawu amawamva monga mmene anenedwera basi.

"Zulani pulagi ya kompyutayo, alamu, mundiuze zomwe mukuona."

Aphunzitsi anazula, nasuzumira. "Ndikuona pulagi."

"M'kati mwake."

"Muli mdima."

Sipanala anaunika yekha ndi tochi. Timano tachitsulo ta pulagiyo tinali titachita ndere, tina titamatidwa girisi wosakanikirana ndi fumbi. Magetsi akanadutsa pati?

"Vuto ndi limeneli. Mano ada, alamu. Pafunika kutsuka."

Aphunzitsi anagwira pakamwa. "Ndatsuka m'mawa uno. Kawiri."

"Si anu. A pulagi."

"Ndiye muzitchula mwini wake," anatero, nanyamula ndowa kulunjika kumpopi.

"Iyayi, madzi ayi. Tengani chitini chofiira chili pawindopo, mupopere pang'ono."

"Pang'ono ndi kangati?"

"Katatu."

Aphunzitsi anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga chitinicho. "Apa alemba kuti tichotse kaye batire."

"Zaka makumi awiri ndikukonza magalimoto, sindinafunsirepo nzeru kwa chitini."

"Ndiye kuti chitini chikunama?"

Sipanala anazungulira kutsogolo akuimba mluzu, namasula waya wa batire ndi dzanja lamanzere, ngati kuti n'zimene ankafuna kuchita kale.

Aphunzitsi anapopera akuwerenga mokweza, nalekeza pa katatu.

"Tsopano uzirani."

"Aa, zimenezo ayi. Mwana wouzira mnzake ndimamutulutsa m'kalasi."

"Ndi pakamwa, alamu. Mpweya."

"Kodi ena amauzira ndi chiyani?"

Sipanala anatseka maso. M'maganizo ankaona mkazi wake atakhala pabenchi, chikwama pamiyendo, akuyang'ana kugeti. Anauzira yekha, koma ndere ija inakakamirabe.

"Pitani m'nyumba mukatenge mswachi wakale. Wotheratu."

Mswachi unabwera. Aphunzitsi anakwecha dzino lililonse palokha, modekha ngati akuchonga mayeso, mpaka chitsulo chinawala. Podikira kuti pulagi iume analowanso m'nyumba, nabwerera akupukuta m'manja.

"Ilowetseni tsopano. Kankhani mpaka imveke kuti tche."

Anakankha.

"Yamveka?"

"Yati tcha."

"N'chimodzimodzi."

"Mukadanena kuti tcha ndikadavomera."

Sipanala anamanga batire, nakhala pampando, napotoza kiyi. Injini inatsokomola kamodzi, kenako inalira bwinobwino. Mtima wake unakhala m'malo, moti anayamba kumuona mlamu wakeyo ngati munthu wanzeru ndithu.

"Kwerani tikatenge mwana. Koma mswachi uja wagwira ntchito. Munaupeza pati?"

"M'bafa. Munati wotheratu, ndiye ndinayerekeza yonse itatu. Wotheratu unali wachikasu."

Sipanala anachotsa phazi pamoto. "Wachikasuwo ndi wanga. Ndautsukira lero lomwe."

"Ndikudziwa, alamu," anatero aphunzitsi akumanga lamba. "Musadandaule, ndaubwezera m'kapu mwake. Ndipo panopa ukuonekako bwino kusiyana ndi mmene ndinaupezera."