Ankhoswe Pakhomo la Mlangizi

A Sydney, nkhoswe yotchuka pakati pa Amalawi a ku Daveyton, anakwera takisi mpaka ku Germiston atavala jekete lawo la milandu, cholinga chili chimodzi: kukatulutsa Mavis, mkazi wa mphwawo, m'chipinda cha mlangizi wa maganizo ndi kumukweza basi yakumudzi. Koma pakhomo la chipindacho, pamwamba pa shopu ya matayala, anapeza mphwawoyo, Wallace, mwana wa mlongo wawo, ataima njo, manja kumbuyo, monga amaimira pageti la fakitale imene amalondera.

"Tasuntha ndilowe," anatero a Sydney.

"Sizitheka, amalume. Andiuza kuti pasalowe munthu mpaka atsegule okha."

"Wakuuza ndani?"

"Alangizi."

"Ndiye amene anakugwirira ukwati ndi alangiziwo kapena ine?"

Wallace anaganiza kaye, chifukwa funso lililonse ankaliyankha ngati ali pa mayeso. "Ndinu, amalume."

"Ndiye suntha."

"Koma chitseko nchawo."

A Sydney anatsonya, nakhala pa benchi, msana kukhoma, maso ku masitepe. Mwana wa mlongo wawo ameneyu ankawatopetsa. Mutamuuza kuti adikire mvula, akhoza kuima pabwalo mpaka Disembala. Anamufunsa chimene chinamulowa kuti atenge nkhani za m'nyumba nkuzipereka kwa mayi wachilendo amene sadziwa ngakhale mfunda wa Mavis.

Wallace anafotokoza mwadongosolo ngati akupereka lipoti la shifiti. Chiwotchereni nyumba za alendo ochokera m'maiko ena chaka chatha chija, cha 2008, Mavis sankagona, sankadya, ankangokhala duu. Ku kiliniki ya boma anesi anamumvera chisoni, koma anati dokotala wa maganizo ndi mmodzi, anthu ndi khwimbi, abwerenso Khirisimasi ikadutsa. Abwana ake a Mavis, kumene amachapa ndi kusita, ndiwo anamupezera malo ano olipira.

"Kulipira!" A Sydney anamenya bondo. "Kulipira kuti munthu akumvere? Ine ndamvera maukwati a anthu kuyambira ku Tsakane mpaka ku Tembisa, malipiro ake tiyi wopanda mkaka. Ndiye mkatimo akumupatsa mankhwala anji?"

"Palibe."

"Jakisoni?"

"Ayi. Amangolankhula."

"Alangiziwo?"

"Mavis. Alangizi amamvera."

"Mlangizi wosalangiza! Nanga Chichewa amachidziwa?"

"Ayi. Amasakaniza Chizulu ndi Chingerezi."

"Ndiye mkazi wako akulira m'Chingerezi, iwe waima pano ngati mtengo wa magetsi. Eish, Joni yatipusitsa ndithu."

Anavula chipewa nkudzikupiza nacho. Kwa a Sydney, vuto la m'banja linali ndi njira imodzi yokha chilengedwere dziko: ankhoswe a kuchimuna uku, a kuchikazi uko, aliyense anene zake, wolakwa apezeke, apepese, anthu amwe tiyi. Nkhani yopanda wolakwa sinali nkhani, kunali kutaya nthawi ya anthu akuluakulu.

"Chabwino. Wapita kangapo konse mkatimo. Apeza kuti wolakwa ndani?"

"Akuti palibe wolakwa."

"Palibe? Ndiye mlandu utha bwanji?"

"Akuti si mlandu. Ndi matenda."

"Matenda a kukhuta amenewo. Tamvera, mphwanga. Banja ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule."

Wallace anatulutsa dzanja limodzi kumbuyo nayamba kupinda zala. "Ine. Mavis. Ndiye inu, amalume, mukhala wachi..."

"Bweza dzanjalo kumene linali!"

Dzanja linabwerera. A Sydney ananena chigamulo chawo poyera, popeza mlandu anali atauweruza kale m'takisi. Mkazi amene akuopa Joni apite kwa amayi ake akalime, mtima ukakhale pansi. Basi ya ku Lilongwe inalipo Loweruka. Aka kanali koyamba kuti nkhope ya Wallace ya pageti ija igwedezeke, ndipo ananena motsitsa kuti iye safuna mkazi wake apite, wayamba kumene kupeza bwino.

"Kupeza bwino kotani?"

"Wasiya kugona ndi nsapato."

A Sydney anayang'ana nsapato zawo. "Nsapato zalakwa chiyani?"

"Ankagona atavala, kuti akabweranso owotcha nyumba aja athawe msanga. Alangizi akuti ndi chizindikiro."

"Chizindikiro cha nzeru! Munthu wochenjera m'dziko la eni amagona chokonzeka. Pasipoti m'sokosi, nsapato kuphazi. Ukufuna adzathawe chopanda nsapato pa magalasi osweka?"

"Ankadzukanso pakati pa tulo, akuti akumva fungo la matayala akupsa."

"Ndiye mphuno yake ikugwira ntchito. Fungo limenelo lilipo, silinachoke. Inu achinyamata mphuno zanu zinafa ndi fodya."

"Ine sindisuta, amalume. Komanso sindilimva."

"Chifukwa ndiwe gonthi wa m'mphuno."

"Akakhala pamalo, ankafuna msana kukhoma, maso kukhomo."

A Sydney anayang'ana khoma lili kumsana kwawo, nayang'ana masitepe, kenako anasendera pang'ono ngati benchi yawatentha. Anati iwo amakhala choncho chifukwa cha msana, ndipo mwana wamakhalidwe sayang'anitsitsa akulu mmene akhalira.

Nthawi yomweyo, pansi, mu shopu ya matayala muja, tayala limene ankalipopa linaphulika. Phuu!

Mmene utsi wa fumbi unkakwera pawindo, benchi inali yopanda munthu. Nkhoswe ya Daveyton yonse inali pansi pake, jekete la milandu lili m'fumbi, dzanja limodzi litaphimba mutu, lina litagwira sokosi. Miyendo inkanjenjemera moti benchi inkagogoda pansi yokha. Zinali zomvetsa chisoni kuziona, ndipo Wallace anamvadi chisoni, koma pamalo pake sanasunthe.

"Ndi tayala, amalume."

"Ndikudziwa kuti ndi tayala." Mawu anachokera pansi pa benchi. "Ndagwetsa batani."

"Mabatani anu onse alipo. Ndikuwaona."

"Lina lamkati."

Anatuluka chokwawa, nadzisasa fumbi, thukuta lili kamukamu. Manyazi akamugwira munthu wamakani amasanduka ukali, ndipo a Sydney analunjika pachitseko ngati ng'ombe yaona dibi. Anati zamasewera zatha. Alowa, akamuuza mayi wophunzirayo kuti Amalawi ali ndi ankhoswe awo, safuna munthu wogulitsa makutu. Wallace anatambasula manja, chitseko chonse nkubisika kumbuyo kwake.

"Undigwira ine? Ine amene ndinakulandira ukutsika basi ku Park Station uli ndi kachikwama ka pulasitiki?"

"Sindikugwirani. Ndangoima."

"Ndilowa!"

"Mulowa, amalume. Nthawi yanu sinakwane."

"Nanga unandiyitaniranji ngati sukufuna ndiweruze?"

"Ndinatumidwa kuti ndikuyitaneni."

"Ndi akuchikazi, eti? Aona okha kuti mwana wawo akuchititsa manyazi."

"Ayi. Ndi anti Edna."

Edna anali mkazi wa a Sydney, amene mmawa womwewo anawasitira jekete, nawaperekeza mpaka pa renki ya matakisi akuwalimbikitsa kuti apite, asalole mwana wa mlongo wawo kusochera.

"Edna akudziwa chiyani za milandu?"

"Akuti atopa kuchapa mashiti a pabedi odzaza matope a nsapato zimene mumagona nazo. Akuti mumakuwa kutulo, mumatchula anthu amene anapita kale. Ku kiliniki anakapempha malo, anawauza zomwe zija za Khirisimasi. Ndiye agulitsa magwinya, mandasi a kuno, nyengo yonse yozizira kuti mulowe muno."

"Bodza!"

"Akuti tikakuuzani kuti mukudwala simubwera, koma mukamva kuti kuli banja loti muliweruze, mukwera takisi yoyamba."

"Ndiye iwe, mwana wa mlongo wanga, bwanji sunandiuze?"

"Simunandifunse, amalume. Mumangofunsa za Mavis."

Chitseko chinatseguka. Mavis anatuluka maso ali ofiira koma nkhope yopepuka, napinda maondo kupereka moni kwa ankhoswe ake mwaulemu wonse. Za basi ya Loweruka palibe anazitchulanso. Kumbuyo kwake kunaima mayi wamfupi wa magalasi, amene anamwetulira nafunsa kuti Baba Sydney ndi ati.

A Sydney anayang'ana masitepe. Anali pafupi, ndipo nsapato, monga mwa masiku onse, zinali kale kuphazi. Koma Wallace anali atachoka pachitseko paja nkukaima pamwamba pa masitepewo, njo, manja kumbuyo.

"Tasuntha nditsike," ananong'ona a Sydney.

"Sizitheka, amalume. Chifikireni mwakhala mukulimbana nane kuti mulowe. Lowanitu, ndipo musadandaule za wolakwa, akuti mkatimo sapezeka."