Mpando wa m'Galasi Ukugwedera

Ku nyumba yosungira zinthu zakale anzawo ankawatcha Mayi Magolovesi, chifukwa kwa zaka khumi ndi chimodzi palibe anaonapo zikhadabo zawo. Mawa lake kunkabwera akatswiri kudzaona mpando wakale wa m'chipinda chachitatu, umene mayiwa anaulembera buku lonse, ndipo udindo wa wachiwiri kwa bwana unali utanunkhira kale. Ndiye tangoganizani mmene mtima unadumphira atapeza kalipentala wa pamalopo, mdala wa pensulo kukhutu, akugwedeza kabati ya galasi mmene munali mpandowo.

"Iii! Bambo, mukutani?"

"Ndikuyesa. Ndipatseni kiyi."

"Kiyi wa chiyani?"

Kalipentala anatulutsa pepala m'thumba nawerenga ndi chala. "Chilichonse chogwedera m'chipinda chachitatu chikonzedwe lero. Asayina ndi abwana. Chitseko sichikugwedera. Kampando kobiriwira ka pakhomo sikakugwedera. Ukugwedera ndi uwu."

"Uwo ndi wa zaka mazana atatu!"

"Ndiye wachedwa kukonzedwa."

"Sukonzedwa! Palibe amakhalapo."

"Angakhalepo ndani mwendo umodzi uli waufupi? Tikadula inayo kuti ifanane, anthu ayamba kukhalira."

Mayi Magolovesi anaima pakati pa mdalayo ndi kabati, manja atatambasula ngati nkhuku yoteteza anapiye. Mpandowo ankaukonda zenizeni, mwinanso kuposa abale awo ena.

"Tamverani. Mukaukhudza ndi manja anuwo, thukuta lilowa m'mtengo. Pamafunika magolovesi."

"Ine sindikumva kuzizira."

"Si a inu! Ndi oteteza mpando. Makina mukuwamva akulirawo amauziziritsa usana wonse."

"Mpando uli ndi makina oziziritsa?"

"Eya."

"Ife ku shedi tili ndi zenera limodzi, losatseguka." Anakanda m'mutu. "Nanga ukatenthedwa umadandaula kwa ndani?"

"Kwa ine! Onani timabowo ito. Tinabooledwa ndi tizilombo zaka mazana apitawo. Ndinalemba masamba makumi awiri za timabowo tokhato."

Kalipentala anagunditsa mphuno pagalasi. Mayi anapukuta pomwepo ndi kansalu.

"Ndi makumi anayi ndi tiwiri," anatero mdalayo.

"Mwawerenga buku langa?"

"Ayi. Ndinaboola ndine. Ndi msomali wotentha."

Makina oziziritsa aja anamveka bwinobwino.

"Bambo, mwamwa chiyani m'mawa uno?"

"Tiyi wopanda mkaka. Abwana akale aja, amene anapuma ntchito, anandiuza kuti ndiseme wina wofanana ndendende, woti ana a sukulu azigwira. Ndendende ndi ndendende. Mwendo ndinafupikitsa, mng'alu ndinang'amba ndi tchizulo, kenako ndinaufukiza utsi masabata awiri n'kupaka polishi wa nsapato."

"Bodza! Kuda uko ndi mafuta a m'manja mwa makolo. Mutu wachinayi wa buku langa!"

"Polishi wakuda, mayi. Wa kachitini kakang'ono."

"Ndaphunzira zimenezi zaka zisanu ndi chimodzi!"

"Ine masabata atatu unali utatha. Tautembenuzani. Chilichonse chimene ndapanga ndimachidula mizere itatu kunsi."

"Mpando uwu sutembenuzidwa. Ndi lamulo."

"Analiika ndani?"

"Ine."

"Ndiye dzipempheni chilolezo."

Sanautembenuze, poti munthu salumpha lamulo lake pamaso pa kalipentala. Anatsegula kabati, natenga kagalasi kawo kokhala ndi chogwirira, kofanana ndi ka dokotala wa mano, nakalowetsa kunsi kwa mpando kuti amutseke pakamwa mdalayo. Anayang'ana. Anapukuta kagalasi. Anayang'ananso. Mizere inalipo itatu, yowongoka bwino, ntchito ya munthu wodziwa.

Mayi anasiya kagalasi kaja. Anabwerera chafutambuyo mpaka pakhomo n'kukhala pa kampando kobiriwira kaja, kamene ankapondapo tsiku lililonse popukuta pamwamba pa kabati.

"Zinatheka bwanji?" anafunsa ndi mawu a munthu wodwala.

"Chaka chimene denga linadontha, inu mutangofika kumene. Tinasamutsa zonse, mapepala a maina a zinthu ananyowa. Pobwezera munaima pakati pa mipando iwiri, munayang'anitsitsa, n'kuloza wanga. Munati, wakale ndi uwu, ngakhale mwana angaone."

"Inu muli pomwepo?"

"Ndinanyamula ndine. Ndinanyadira kwambiri tsiku limenelo. Ndinakauza ndi akazi anga."

"Osanena kanthu zaka zonsezi?"

"Simunafunse. Ndiponso munandiuza kuti kalipentala azilankhula za matabwa, za mbiri azisiyira ophunzira."

Anakumbukira kuti ananenadi, ndipo ananena mokweza, pali anthu. Manyazi anawagwira mpaka m'makutu. Koma munthu akamamira amagwira ndi udzu womwe.

"Chabwino. Palibe chaonongeka. Tibweza weniweniwo usanafike mawa. Uli kuti? Kosungira katundu?"

"Ayi."

"Munautaya?"

"Ine sinditaya mtengo wabwino."

"Nanga uli kuti, bambo inu?"

Kalipentala analoza ndi pensulo. Mayi anacheuka kumbuyo, kunali khoma. Anayang'ana kumanzere, kunali chitseko. Kenako anayang'ana pansi pang'onopang'ono.

"Ayi. Aka n'kobiriwira."

"Penti munasankha ndinu, kuti kafanane ndi makatani."

"Koma sikagwedera!"

"Kankagwedera. Munalemba pepala kuti mungagwe pokwera. Ndinadula miyendo itatu, timabowo ndinatseka ndi phula, ndinapala bwinobwino ndi sandipepa. Mtengo wolimba umenewo, unandithera mano a sowo." Anasisita thumba la malaya. "Pepalalo ndikadali nalo. Ine mapepala ndimasunga, si paja kuno n'kosunga zakale?"

Mayi Magolovesi anavula golovesi limodzi, koyamba m'mbiri ya nyumbayo, napukuta nalo thukuta. Panja pankamveka abwana akuuza anthu kuti akolope msanga, alendo a mawa si anthu wamba.

"Achimwene," anatero motsitsa mawu, ulemu utabwera mwadzidzidzi. "Inu ndinu mmisiri. Simungathe kukabwezera mmene kanalili? Penti ichoke, timabowo tibwerere, kazigwederanso?"

"Ndingathe. Ndinapangapo kale."

"Mulungu akudalitseni!"

"Koma mulembe pepala. Kalipentala akalambitse mpando umene ndinamuuza kuti aukonze. Musayine, abwana adinde."

"Abwana? Bambo, chonde!"

Mdalayo anatola golovesi lija, limene linali litagwa pansi, nalikutumula, nalivala bwinobwino kudzanja lamanja. Kenako anawagwira mayiwo pachigongono mwaulemu wonse.

"Poyamba dzukanipo, mayi. Umenewo sitikhalira, ndi wa zaka mazana atatu."