Phazi la Mayi pa Sipanala ya Bambo

Bambo Mfumu, achibale, anzawo a malemu a ku bwalo lowombera, ndi nonse amene mwabwera kudzatikhuza: ndine Nabor, mwana wawo wachiwiri.

Tsiku lomaliza kuwaona ali moyo linali Lachinayi. M'mawa tinali m'shedi kuseri kwa nyumba. Anaima ndi phazi limodzi pa sipanala, dzanja lili paphewa panga, thalauza atamanga ndi chingwe poti lamba anali atatha zibowo. Ankaseka. Kuti mumve chimene chinkawaseketsa, ndiyambe poyambira.

Malemu a Eleuterio Bojórquez, a Telo kwa anzawo, anabadwa pa 3 Meyi 1958 kuno ku Ures. Atamaliza pulayimale anayamba kuwotcherera zitsulo kwa amalume awo. Mageti ambiri m'tauni muno ndi ntchito ya manja awo, ngakhale la kumanda kumene tikuwaperekezaku. Mu 1979 a ku bwalo anawapatsa ntchito yodula nkhosa zachitsulo, zija zimaimikidwa pa mtunda wa mamita mazana asanu kuti anthu aziziwombera pa mpikisano. Tsiku lokapereka katunduyo wina anawabwereka mfuti, anawombera, nkhosa imodzi n'kugwa. Matenda awo oyamba, okonda mfuti, anawatengera pamenepo.

Mu 1986 anakwatira mayi athu, a Crescencia Duarte, amene nonse munkawatchula kuti a Chencha. Mfuti bambo anali nayo imodzi, koma mipope yake yotulukira chipolopolo inali iwiri: wopepuka wothamangitsira nkhandwe ku khola, ndi wolemera wa mpikisano. Owombera mukulidziwa vuto lake. Ukamasula mpope n'kumanga wina, koma osalimbitsa monga unalimbitsira kale, galasi lolozera la pamfuti limaloza pena, chipolopolo n'kugwera pena. Anzawo ankagula sipanala zoyeza mphamvu. Bambo ankangopana mfuti pafupi ndi pansi n'kukuwa: "Chencha, tabwerani mudzaponde!" Mayi ankabwera ufa uli m'manja, n'kuponda sipanala pamene panali chizindikiro, n'kukweza phazi linalo mpaka sipanala itaima. Pobwerera ankati: "Anzanga amuna awo amawaitanira maluwa, ine sipanala." Thupi lawo silinkasintha, ndiye chipolopolo chinkabwerera pamalo pake chaka ndi chaka, kupatula pamene anali oyembekezera mchemwali wanga Idalia ndi ine. Zaka ziwirizo bambo sanapambane kanthu, ndipo mlanduwo ankatiimbabe tili akuluakulu.

Pa 21 Ogasiti 2021 mayi anagwa mwadzidzidzi kukhitchini, osadzukanso. Sanakwerepo pa sikelo munthu akuona, choncho palibe ankadziwa kulemera kwawo. Kuyambira pamenepo mfuti inasokonekera. Bambo anapachika matumba a simenti pa sipanala, anaponditsa mchemwali wanga Idalia, anaponditsa ine. Akawombera, fumbi lokhalokha, nkhosa ili chilili. A Fausto, amene anandiimira pa ubatizo, anabwera ndi sipanala yawo yoyeza. "Iwe Telo, nkhalamba youma mutu, leka kuzunza ana. Tenga iyi." Bambo anati: "Ndiiuze nambala yanji, Fausto? Nambalayo tinaikwirira tonse, iwe uli ndi fosholo."

Akanatha kungopotokola kabatani ka galasi n'kuyambanso, monga achitira aliyense. Koma pamene kabataniko kankaima pofuna nkhosa, mayi anadonthezapo penti yawo yofiira ya zikhadabo. Bambo anati chipolopolo ndicho chibwerere ku kadonthoko, osati kadontho kutsatira chipolopolo.

Mu Juni 2023 dokotala wa mumzinda wa Hermosillo anawapeza ndi chotupa m'mimba, nanena kuti opaleshoni isachedwe. Bambo anati adikire kaye mfuti ikhale bwino. Ndinasiya koleji m'chaka chachitatu kudzawasamalira. Ndinawagwadira. Ndinawalalatira mawu amene mwana sayenera kuuza kholo. Ndinabisa sipanala padenga, iwo n'kuwotcherera ina yofanana nayo. Tsiku la opaleshoni linaperekedwa, analikana, linaperekedwanso, analikananso. Ndinkawaphikira msuzi wa nyemba, iwo n'kukankha mbale. "Bambo, idyani, ndapota nanu." "Wandiphikira kapena wachapira m'poto malaya? Ku koleji kuja sankaphunzitsa mchere?" Mnofu unatha, mphete inayamba kugwa pachala. Mpaka lero sindidziwa ngati chimene chinkakana chakudyacho chinali chotupa kapena iwo. Amene mukudziwa, chonde musandiuze.

Lachinayi lija, pa 8 Febuluwale 2024, anandiitana kuti agwire phewa langa, naponda sipanala okha. Sipanala inayenda pang'ono n'kuima, iwo n'kuyamba kuseka. Tinatuluka, ine nditanyamula mfuti poti iwo inkawalemera. Anaika kabatani pa kadontho kofiira, naloza nkhosa yawo yakale ija ili paphiri kuseri kwathu. Tinamva kulira kwa chitsulo, nkhosa n'kugwa chagada. Anati: "Nabor, amayi ako ndawapeza. Tsopano thamanga ukamuuze dokotala wako uja andipatse tsiku."

Ndinathamangadi. Ndinakwera basi ya ku Hermosillo, ndinachonderera, ndipo tsikulo anandipatsa. Pobwerera ndinapeza anthu atadzaza pakhonde, Idalia atakhala pansi. Ndiye anawapeza bambo atamwalira pampando wa m'shedi, mfuti ili pamiyendo.

Malemu asiya ana awiri, Idalia ndi ine, adzukulu awiri, ndi mlongo wawo a Amparo. Tikuthokoza a Fausto chifukwa cha bokosi, amayi a mpingo amene akhala akuphika chiyambire Lachinayi, ndi a ku bwalo amene mwakumba manda pafupi ndi a mayi. Ena mwayamba kale kundinong'oneza za mfuti. Siigulitsidwa, ndipo mpope umenewo sudzamasulidwanso, kulibenso woponda.

Bambo, munafunafuna mayi mpaka thupi lanu linafanana kulemera ndi lawo. Ife amene tinali pomwepo simunatione. Komabe pitani bwino, mzimu wanu uuse mumtendere.

Tsiku limene dokotala anandipatsa ndi 19 Febuluwale 2024.