Mwala Wakana Kukwera Chitunda cha Kumwera

Olemekezeka a Hetepi, mkulu woyang'anira ntchito zonse za mfumu yathu, ikhale ndi moyo ndi thanzi. Olemekezeka ansembe a ku kachisi wa kuchigwa, amene mwapirira dzuwa kuyambira m'mawa ndi mitu yanu yometayo. Olemekezeka a Djau, kapitawo watsopano wa chitunda chokwezera miyala chimene tabwera kudzatsegulachi. Eni ngalawa amene mwatiolotsera miyala yoyera kuchokera kutsidya la mtsinje. Osema miyala, osula mkuwa, amayi ophika buledi ndi ofulula mowa. Ndi inu abambo a gulu la Zidakwa za Mfumu, amene mwagwira chingwe apo thukuta lili kamukamu, ndakuonani nonse ndipo ndikukupatsani moni.

Kwa amene munabwera pantchito pano ine nditapuma kale, dzina langa ndine Khui. Ndinakweza miyala pa piramidi ya atate ake a mfumu yathuyi kuyambira pamene inali yofika m'mawondo mpaka tsiku limene tinaika mwala wa pansonga. Ndikuthokoza kuti mwandikumbukira, ndikuthokoza chifukwa cha mpando wa pamthunzi, ndipo ndikuthokozanso alembi amene andilembera mawu okoma pa gumbwa uyu kuti ndiwerenge. Alemba kuti lero mtima wanga wadzaza ndi chimwemwe. Pepani ana anga, gumbwa wanuyu ndamuika pansi, chifukwa mtima wanga wadzaza ndi zina.

Anandiuza kuti mwambowu ukhala waufupi. Ndikangofika, mwala woyamba ukwera chitunda, ine ndinena kuti chatsegulidwa, kenako tonse tikamwa mowa. Taonani mwalawo, olemekezeka. Auveka maluwa, aumangirira bwinobwino pa chithatha chake cha matabwa, ndipo abambo makumi anayi akhala akuukoka kuyambira dzuwa litangotuluka. A Djau ataona kuti sizikuyenda awonjezera abambo ena makumi awiri. Pamene ndikuyankhula pano wasuntha mikono iwiri basi, ndipo mchenga waunjikana kutsogolo kwa chithatha ngati mulu wa tirigu. Ena ndawamva akunong'ona kuti mwalawo ndi wolodzedwa, ena akuti milungu yakwiya. Koma abale inu! Milungu ili ndi zochita zambiri, musainamizire zinthu zimene zachitika ndi anthu masanasana.

Sabata yapitayi a Djau anayendera magulu onse. Ndi munthu wakhama, ndikuvomereza, ndipo ndamva kuti ku nkhokwe za mfumu kumene anachokera mbewa zinaonda chifukwa cha iwo. Atafika pa gulu la Zidakwa anapeza abambo onse atagwira chingwe, kupatula mkulu mmodzi wotsimphina, dzina lake Idu, amene amayenda chafutambuyo kutsogolo kwa chithatha atanyamula mtsuko. Amene analipo andiuza mmene zinayendera.

"Madala, inu ntchito yanu ndi yotani pano?"

"Ndimathira madzi, bwana."

"Kenako?"

"Kenako ndimakatunga ena."

Anthu anaseka, ndipo a Djau anapsa mtima poganiza kuti akunyozedwa. Anati: "Mfumu singamadyetse munthu wothirira mchenga ngati pamera anyezi. Ngati simungathe kukoka chingwe, pitani kwanu." Ndiye anafufuta dzina la Idu pa gulu, tsiku lomwelo.

Musaseke, abale. Inu akumbuyoko, ndati musaseke, chifukwa chitsiru choyamba pa nkhani imeneyi si a Djau ayi. Chitsiru choyamba chaimirira pano pamaso panu.

Zaka makumi atatu zapitazo, nditangopatsidwa ndodo ya ukapitawo, ndinaona Idu yemweyu akuyenda chafutambuyo ndi mtsuko wake, mapazi onse awiri ali abwinobwino, ndipo ndinati mumtima mwanga, ulesi wa mtundu wanji uwu? Ndinamulanda mtsuko ndi kumuika pa chingwe. Mwala unakana ngati mmene wakanira uwu. Nditaona akuluakulu akubwera poteropo, ndinachita mantha, ndinatenga mitsuko isanu ndi kuikhuthula yonse kutsogolo kwa chithatha, ndikuganiza kuti ngati madzi pang'ono amathandiza ndiye kuti ambiri athandiza kwambiri. Mchenga unasanduka matope. Abambo atakoka, chithatha chinatereka cham'mbali ndi kukagwera pa phazi la Idu. Kulira kwake ndimakumvabe mpaka lero.

Patapita masiku ndinapita kwa sing'anga kukamuona, nditanyamula mtsuko wa mowa, manyazi atandigwira osati masewera. Ndinamupeza atagona, phazi atalipaka uchi ndi kulimangirira timitengo. Atandiona anati: "Khui, iwe ndiwe chitsiru. Koma mowawo usiye pomwepo."

Ine ndinati: "Undikhululukire, mbale wanga. Tandiphunzitsa, madzi ake amafunika ochuluka bwanji?"

"Sindidziwa," iye anatero. "Limadziwa ndi phazi. Mwayi wako waphwanya lakumanzere. Lodziwa ntchito ndi lakumanjali."

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kumuyang'anitsitsa. Amaponda mchenga, amaumva, kenako amathira. M'mawa amathira pang'ono chifukwa mame athandizako kale, masana amawonjezera, ndipo mphepo yotentha ikawomba kuchokera kuchipululu amasinthanso. Mchenga wouma umadziunjika kutsogolo kwa chithatha ndi kuchigwira, mchenga wonyowa kwambiri umaterera ndi kupha anthu, koma mchenga wa Idu umalimba, ndipo mwala umene ukanafuna abambo makumi asanu ndi limodzi umayenda ndi makumi atatu akuimba nyimbo. Nzeru imeneyi simungaipeze pa gumbwa aliyense. Miyala yonse imene mukuiona pa piramidi yakale ija kumbali ya kumwera inadutsa pa madzi a munthu ameneyu.

Tsono mundimvetse bwino, olemekezeka, chifukwa chimene chandikwana ine si mwala ayi. Mwala ukhoza kukhala pamenepo mpaka madzi a mtsinje adzasefukirenso, ine sindidzausenza. Chandikwana ndi ichi. Nonse mukudziwa lamulo la pa phiri la antchito: munthu akafa amaikidwa m'manda pamenepo ngati dzina lake lili pa gulu. Amene wafufutidwa amabwerera kumudzi kwawo, ndipo akafa amakaikidwa komweko. Idu wakhala zaka makumi awiri akumanga kamanda kake paphiripo, ndi zibenthu za miyala zimene osema anataya. Mkazi wake Henut, amene ena mwa inu munadya buledi wake muli ana, anamwalira zaka ziwiri zapitazo ndipo ali m'menemo. Pambali pake pali malo a munthu mmodzi.

Dzana Idu anabwera kunyumba kwanga. Sanakhale pansi nkomwe. Anati: "Khui, undibwereke bulu wako."

"Wa chiyani?"

"Ndikufuna ndikatenge Henut. Kwathu ndi kutali, kumtunda kwa mtsinje uko. Sindingamusiye yekha pakati pa anthu a eni."

Inde, ansembe, ndaona mwadzidzimuka, ndipo mukuyenera kudzidzimuka. Munthu wamkulu, woopa milungu, kuganiza zotsegula manda a mkazi wake! Ine ndinamukalipira. Ndinati: "Mutu wako ukugwira, iwe? Bulu sindikupatsa, bwerera kunyumba." Ndinatenga ndodo yanga mpaka kwa a Djau. Anandilandira mwaulemu, sindinama, koma anati: "Agogo, pano ndatanganidwa ndi zokonzekera mwambo, tidzaona mwambo ukatha." Chabwino, mwana wanga. Ine ndakhala nthawi yaitali padziko pano ndipo ndikudziwa kuti mwambo ukatha aliyense amathamangira kumene kuli mowa. Ndiye tiona mwambo usanathe, chifukwa pakamwa pamene payenera kutuluka mawu akuti chitunda chatsegulidwa ndi panga pano, ndipo sindikufulumira.

Idu! Ndakuona, wabisala kumbuyo kwa amayi a buledi uko. Bwera kuno. Mpatseni njira, abale. Bwera, usandichititse manyazi pamaso pa akuluakulu. Wina amupatse mtsuko wa madzi. Inu makumi awiri amene munawonjezeredwa, siyani chingwe mukapume pamthunzi, mwavutika mokwanira. Otsalanu fosholani mchenga umene waunjikana kutsogoloko. Eya, choncho.

Tsopano, a Djau, ndikukupemphani pamaso pa a Hetepi ndi pamaso pa khamu lonseli kuti munene ndi pakamwa panu, madzi asanathiridwe, kuti dzina la munthu uyu...

Ayi, ayi, ayi! Idu, usathire kaye! Taonani munthu uyu, abale. Ine ndikukumenyera nkhondo, iwe ukundiwonongera mlandu! Dikira kaye ayankhe! Mwamva zimene akundiyankha, olemekezeka? Akuti: "Khui, nkhani zako umalize wekha, anyamatawa manja awo atupa." Zaka makumi atatu ndakhala ndikupirira munthu wouma mutu ameneyu. Anamuchotsa ntchito, anamuchotsera manda, koma sangathe kuona mwala utaima osauthandiza.

Basi, thira, ndatopa nawe. Inu a Zidakwa, gwirani chingwe. Wotsogolera nyimbo ali kuti? Yambitsa.

Taonani, a Hetepi. Taonani, ansembe. Wasuntha! Ukukwera! Abambo makumi anayi omwe aja, chingwe chomwe chija, mwala womwe uja. Imbani m'manja, inde, imbani, koma musandiimbire ine.

A Djau, mwana wanga, ndaona milomo yanu ikugwedera koma phokosoli landitseka makutu, ndipo ndine nkhalamba. Khalani chete pang'ono, abale! Kwezani mawu, a Djau, kuti alembi aja amve ndi kulemba. Mwamva nonse? Akuti dzina la Idu libwerera pa gulu la Zidakwa lero lomwe, ndipo silidzafufutidwanso ngakhale atasiya kunyamula mtsuko. A Hetepi avomera ndi mutu, ndawaona ndi maso angawa. Mwachita chamuna, a Djau. Inu mwaphunzira ndi manyazi a tsiku limodzi, pamene ine ndinaphunzira ndi phazi la mnzanga, ndipo ndikulakalaka zikanakhala kuti zinandichitikira ngati inu. Mawa m'mawa muvule nsapato, mukaponde mchenga pambali pake, ndipo mumupatse anthu awiri oti aziphunzira, chifukwa phazi lodziwa lija latsala limodzi ndipo likukalamba.

Idu, wamva kodi? Wamva zimene anena akuluakulu? Ndikuyankhula ndi iwe! Sakutembenuka nkomwe, maso ali pa mchenga. Akuti chiyani? Akuti ndichoke, ndaima panjira ya mwala. Ine mlendo wolemekezeka, ndichoke! Chabwino, ndikuchoka, ndigwireni dzanja wina, mawondowa si akale aja.

Choncho, olemekezeka nonse, ndi mphamvu imene ndapatsidwa m'dzina la mfumu yathu, ikhale ndi moyo ndi thanzi, ndikulengeza kuti chitunda cha kumwera chatsegulidwa, ngakhale kuti mwala wandipitirira kale. Ndipo iwe Idu, ukafika pamwambapo uyang'ane ku phiri la antchito, umuuze Henut kuti sakusamukanso, akudikire pomwepo.

Zikomo kwambiri, nonsenu.