Zaka Zitatu za A Sajeni

Malemu agogo athu aamuna anabadwa pa 9 Ogasiti 1946. Ndikuona amalume, mwana wawo woyamba, akundiyang'ana, pakuti dzulo lonse anakangana ndi agogo aakazi pa chaka chimenechi. Amalume ankati, "Mayi, chitupa chikuti 1943, ndipo pamtanda tilemba za pachitupa." Agogo nkuyankha, "Chitupacho chinalipo pomwe ankabadwa?" Anamfedwa nonse, ndiloleni ine mdzukulu ndifotokoze kumene zaka zitatuzo zinachokera.

Malemu anayamba sukulu mu 1954. M'kalasi lachisanu anakhala benchi limodzi ndi mtsikana wina amene ankawapempha labala tsiku ndi tsiku, wake ali m'thumba. Mtsikanayo ndi agogo akhala pafupi ndi bokosi apawa. Mu 1963, ali ndi zaka 17, malemu analimba mtima nkukaonekera kwa bambo a mtsikanayo, telala waukali. Atelala anawayeza ndi maso kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati mwana wawo sangapite kwa khanda lopanda ntchito. Sabata yomweyo malemu anakaima pamzere wa ofuna usilikali. Ankalemba a zaka 20 okha. Kalaliki atafunsa chaka chobadwa, iwo anatukumula chifuwa nati 1943. Munthu kukula zaka zitatu m'mawa umodzi chifukwa cha mtsikana!

Ukwati unachitika pa 15 Epulo 1967, ndipo suti anasoka ndi atelala omwewo. Mu 1971 malemu anatumizidwa kumalire kumene kunali nkhondo. Bomba linaphulika pafupi nawo, khutu lakumanzere nkugontha. Anatuluka usilikali mu 1975 ali sajeni. Za kumeneko sankakamba, ngakhale tiwanyengerere bwanji.

Atachita maphunziro a uphunzitsi, mu 1978 anayamba kuphunzitsa masamu. Ana ankawatchula kuti A Sajeni, ndipo ochenjera ankalimbirana mabenchi a mbali ya khutu logontha kuti azinong'onezana bwino. Sankadziwa kuti aphunzitsi awo amawerenga milomo. Mwana wonama sankamumenya. Ankamukhazika pafupi nkumuuza motsitsa mawu kuti bodza limakula limodzi ndi mwini wake. Palibe amene ankadziwa kuti akunena za iwo eni.

Mu 2003 kunabwera kalata yoti malinga ndi chitupa akwanitsa zaka 60, choncho akapume. Anali ndi 57, mphamvu zikadalimo. Sanatsutse. Anapukuta bolodi, nkusiya choko patebulo. Kwa mwezi wathunthu ankamanga tayi m'mawa uliwonse nkukhala pakhonde, khutu labwino atalozetsa kumene kunkalira belu. Agogo aakazi ankawaonera pazenera, akudziimba mlandu kuti ndi iwo anawalanda kalasi. Kenako malemu anayamba kutisonkhanitsa ife adzukulu pakhonde pomwepo, ndipo ine amene ndinkathawa masamu ndinakhoza mayeso chifukwa cha iwo.

Anayamba kudwala mtima mu Juni 2024. Mu Okutobala, namwino akuwerenga khadi lawo anatchula zaka 81. Malemu anakweza chala ngati ali m'kalasi nati, "78, mwanangu, konza." Aka kanali koyamba kuvomera pamaso pa anthu. Anatisiya pa 2 Novembala, agogo aakazi atawagwira dzanja.

Asiya mkazi, ana asanu, adzukulu khumi ndi anayi ndi zidzukulutudzi ziwiri. Tikuthokoza anamwino amene sanatope nawo, asilikali anzawo opuma, ophunzira awo akale amene anyamula bokosi, ndi nonse amene mwabwera kudzalira nafe. Mzimu wawo uuse mumtendere.

Amalume, mtanda mwausiya wopanda chaka. M'mawa uno agogo anandituma kuti ndikuuzeni pamaso pa anthu, ndipo ndinena monga ananenera: "Mwana wanga, wa 1943 uja ndi wa boma, akamuike okha. Ine ndikufuna ndiike mwamuna wanga, amene ndinabadwa naye chaka chimodzi. Lemba 1946."