Phula la pa Ng'oma ya Bambo Gesung

Malemu bambo Gesung Awalem anabadwa pa 9 Malichi 1948, m'mudzi muno mwa Kwalam, m'nyumba imene inali pomwe pali thanki ya madzi ya mpingo lero. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Abale awo onse anatsogola. Otsala anali iwo okha.

Abusa, akuluakulu a mpingo, mayi anga, anamfedwa nonse. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Tiling, mwana wawo wachiwiri. Ambiri simundidziwa. Si mlandu wanu. Ndinabadwira m'tauni ya Lae, ndinakulira ku Lae, ndipo kwa zaka makumi awiri ndakhala ndikugwira ntchito pa sitima za katundu. Madoko a Madang, Wewak, Rabaul, kubwereranso. Njira ya kumanda a kuno ndachita kufunsa. Koma banja lasankha ine, chifukwa mbiriyi ili ndi mbali imene ndinaiona ndekha ndi maso angawa.

Pepala la mwambo limene mwalandira likuti malemu anali mlimi. Basi, liwu limodzi. Silinalembedwe ndi banja pepala limenelo. Inde, munda anali nawo, ngati wina aliyense pano. Koma bambo anali wosema ng'oma. Chimene chakulungidwa m'nsalu pambali pa bokosi lawocho ndi ng'oma yawo, Yakuda. Inasowa m'mudzi muno zaka zisanu. Mmene inachokera ndi mmene yabwerera, mumva lero. Ena sakondwa nazo. Apirire.

Mu 1956 malemu anayamba sukulu ya mishoni ku Finschhafen. Analekezera Sitandade 4. Mu 1961 amalume awo, malemu a Obasi, anawatenga kuti awaphunzitse ntchito. Kwathu kuno luso limatsika motero, kuchoka kwa malume kupita kwa mwana wa mlongo wake. Ndipo mwana wa mlongo akapempha chinthu, malume sakana. Musunge mfundo imeneyi. Ibweranso.

Zaka zitatu zoyamba sanakhudze chikopa. Ntchito yawo inali kuboola. Kuika khala la moto pamutu pa chipika, kuuzira ndi kansungwi, kupala, kuikanso lina. Mbali iyi mpaka pakati. Kutembenuza. Mbali inayo mpaka pakati. Pokumana mabowo awiriwo ndiye pakhosi pa ng'oma. Pakakula kwambiri, mawu amatayika. Pakachepa, ng'oma imatsamwa. Chaka chachinayi anaphunzira kusenda ng'azi osang'amba chikopa, kuchiviika, kuchikoka, kuchimata ndi utomoni. Phula anaphunzira pomalizira. Phula lakuda lija la njuchi zazing'ono zosaluma, limene amaumba timibulu n'kumata pachikopa.

Munthu akawafunsa kuti mawu a ng'oma amakhala pati, ankagwira dzanja lake n'kuliika kukamwa kwa ng'oma, kumene kulibe chikopa. Kenaka n'kumenya kamodzi. "Wamva kamphepoko? Dzanja lakankha chikopa, chikopa chakankha mpweya, mpweya wathawira pakhosi. Mtengowu ndi njira chabe." Za phula ankati: "Chikopa chopanda phula chimanjenjemera mothamanga, chimalira ngati chitini. Ukachilemeretsa pakati chimadekha. Mawu amatsika, n'kutalika." Sanawerenge m'buku zimenezi. Anazipeza ndi zala.

Mu 1968 anapita ku Lae, n'kulembedwa ntchito pa fakitale ina yocheka matabwa. Pa 15 Julayi 1972 anamanga ukwati woyera ndi mayi Dabung, amene akhala apawa. Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi. Mu 1974, kuseri kwa nyumba ya kampani, anasema ng'oma yawoyawo. Sanaipake kanthu. Inada ndi utsi ndi thukuta la m'manja. Dzina lake linachokera pamenepo.

Pa macheka aakulu a fakitale ija anaimapo zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Chotseka m'makutu sanapatsidwepo. Mu 1986 kapitawo anawaitana katatu, iwo osatembenuka. Anawachotsa ntchito. Makutu anatsala komweko. Bambo ndi mayi anabwerera kuno. Ine ndinatsala m'tauni kwa azakhali, pa sukulu.

Atafika, ena mwa inu munanena. Mukudzidziwa. Munati, "Gonthi angakonze ng'oma? A Gesung atha." Sanathe. Ankatenga mchenga wouma, n'kuwaza pachikopa, n'kugogoda m'mphepete. Maso ali pamchenga. Pamene ukudumpha kwambiri, pamene ukusonkhana, iwo akuona. Phula ankaika motsata zimenezo. Kenaka ankagunditsa ng'oma kuchibwano chawo n'kumenya, kuti aimve m'mafupa.

Zotsala ankamaliza mayi. Ankatsikira kugombe, pomwe pamakhala mabwato, atanyamula nsalu yoyera. Bambo ali pakhonde, akumenya. Mawu akafika osweka, nsalu pansi. Akafika athunthu, nsalu m'mwamba. Mayi sankangotsitsa nsalu. Ankakuwa mudzi wonse kumva: "Ikulira ngati nkhumba ya chimfine!" Bambo n'kutembenukira amene ali pafupi: "Akunditukwana amayi akowo. Ndikuona pakamwa." N'kusuntha kaphula kamodzi pang'ono. N'kumenyanso. Zaka zopitirira makumi atatu anagwira ntchito motero, awiriwiri. Ng'oma zimene mumavinira kuno, ndi m'midzi inayi yoyandikana nafe, zinadutsa pakhonde limenelo. Pepala likuti mlimi.

Tsopano ndafika pa 2019.

Mu Okutobala chaka chimenecho asuweni anga, a khansala Yaling, amene akhala pampando wakutsogolowo, anabwera kudzabwereka Yakuda. Gulu la gule linkapita ku chionetsero ku Lae. Popeza bambo sankamva, tonse tinkalankhula nawo polemba m'kope. Kopelo lilipo, nali. A Yaling analemba ndi dzanja lawo: "Amalume, sabata imodzi yokha." Mayi anakana. Anati, "Tengani ina iliyonse, zadzaza m'nyumbamu." Bambo anati, "Ndi mwana wa mlongo wanga. Ndikamukana, a Obasi ndikawauza chiyani?" Anaipereka. Anawalangiza zitatu. Isakhale padzuwa. Ikafooka muiwambe pamoto pang'ono, patali. Timaphula take, tisanu ndi tiwiri, musatikhudze.

Gulu linabwerako. Ng'oma ayi. Poyamba akuti inatsala m'galimoto. Kenaka akuti yasungidwa pabwino. Kenaka zii. A khansala anayamba kudzera njira ya kumtunda popita kutchalitchi, kuzemba khomo lathu.

Zoona zake nazi. Inaperekedwa kwa mwini hotela ina ya ku Lae, imene inagoneka gulu lija. Panali kuomba m'manja. Panali zithunzi. Akuti mphatso yochokera kwa anthu a ku Kwalam. Ndifunse, anthu a ku Kwalam: anafunsidwa ndani pano? Akweze dzanja.

Palibe.

Mu Juni 2022 sitima yathu inaima ku Lae. Ndinalowa mu hotela ija kukakumana ndi mnzanga. Kukweza maso, ndi iyo. Pakhoma. Msomali utapyola pachogwirira. Inkanyezimira ngati tebulo la mu ofesi. Anaipaka vanishi yonse, mtengo ndi chikopa chomwe. Phula panalibe. Ndinafunsa mayi wa pakauntala. Anayankha monyadira, "Tinaiyeretsa, achimwene. Inabwera ndi tindowe takuda pamwambapa, tinatipala ndi mpeni." Sindikuwada mayi amenewo. Palibe anawauza. Ndinafikira n'kugogoda ndi chala. Inalira ngati katoni. Zaka makumi anayi ndi zisanu za mawu, katoni.

Apa ndinene zanga, kuti a khansala asanyamule okha. Pa Khirisimasi chaka chomwecho ndinabwera kuno. Ndinalemba m'kope kuti ndaiona. Bambo anafunsa funso limodzi. "Phula likadalipo?" Ndinalemba, "Lilipo." Tsamba lake nali. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anatseka kope. M'mawa mwake analowa m'tchire kukatchera ng'azi. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zinayi. Anadziwa kuti ndanama. Chikopa anachiumitsa n'kuchisunga kudenga. Phula anasunga m'chitini cha fodya. N'kumadikira. Ine ndinakwera sitima. Chaka chinatha. China chinayamba. Ndinadutsa pakhomo pa hotela imeneyo kangapo konse, n'kumayang'ana kumbali.

Mu Meyi 2024 malemu anayamba kutupa miyendo ndi kubanika. Mu Julayi anagonekedwa m'chipatala, milungu isanu. Madokotala anati ndi mtima. Mu Ogasiti anapempha kubwerera kunyumba. Mayi ndi mlongo wanga Ansa anawasamalira mpaka mapeto. Masiku omalizira mawu anawathera, anayamba kulemba okha m'kope. Tsamba lomaliza lili ndi mizere iwiri. "Yakuda ibwere. Ndipite ikulira." Ansa anajambula tsambalo n'kunditumizira pa foni. Ndinati ndiona mwezi ukatha. Bambo anatisiya pa 2 Novembala, masana, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zisanu ndi chimodzi.

Uthenga unandipeza padoko ku Lae. Ndinatenga hamala ya m'sitima. Ndinalowa mu hotela muja dzuwa lili pamutu, anthu akudya. Ndinakoka mpando, kukwera, kuzula msomali. Mlonda anathamanga. "Bwana, bwana, mukutani?" Ndinati, "Ndikupita nayo kumaliro a mwini wake." Anayang'ana ng'oma, anayang'ana ine. Ananditsegulira chitseko. Dzina lake sindilitchula, angamuchotse ntchito. Akuluakulu a hotelayo anakanena kupolisi kuti ndaba.

Ndinafika kuno dzuwa litalowa. Woyendetsa boti ananditsitsa pagombe lina. Njira sindinkaidziwa. Ndinalondola kulira kwa amayi mpaka ndinapeza nyumba ya bambo anga.

Koma chimene ndinabweretsa sichinali ng'oma. Chinali chipika chonyezimira. Aikonze ndani? Mwana wa mlongo wawo, amene mwambo unati alandire lusoli, sanakhalepo pakhonde lija ngakhale tsiku limodzi. Ine ndimadziwa zingwe za sitima basi. Mayi anaiyang'ana, anainunkhiza, n'kunena, "Zaka zonsezi umayesa ndimangokupiza nsalu? Bweretsa manja akowo. Kunama anatha, tione ngati kukoka angathe."

Tinachotsa chikopa chakufa chija. Tinapala vanishi ndi zigoba za nkhono masiku awiri. Tinatsitsa chikopa chimene bambo anasunga kudenga, kuchiviika, kuchikoka, kuchimata. Mayi akulamula, ine ndi Ansa tikukoka. Masiku anayi chikuuma pamthunzi. Ndicho chifukwa chake mwambowu unachedwa. Amene munkadandaula kuti banja likusunga thupi kuchipatala nthawi yaitali, yankho lanu ndi limenelo.

Dzulo masana tinatsegula chitini cha fodya. Ansa anawaza mchenga, n'kuika phula. Mayi anatsikira kugombe ndi nsalu yawo. Ine ndikumenya. Nsalu pansi. Kusuntha, kumenya. Pansi. "Ukumenya ngati ukupha mphemvu! Tambasula zala!" Munamva nonse. Kaphula kachitatu, pansi. Kachisanu, pansi. Dzanja linatupa. Ansa anaumba kachisanu ndi chiwiri, anakaika pambali pang'ono, pomwe mchenga unkakana kukhazikika. Ndinamenya kamodzi. Mawu ake ndinawamva mpaka m'mimba. Ndinayang'ana kugombe. Mayi sanakweze nsalu. Anakhala pansi pamchenga, n'kudziphimba nayo kumaso.

Malemu asiya mkazi wawo, mayi Dabung. Asiya ana atatu: achimwene a Kaleb, ine, ndi Ansa. Mng'ono wathu Miring anatsogola mu 1998. Asiya zidzukulu khumi ndi chimodzi, ndi zidzukulutudzi ziwiri.

Banja likuthokoza abusa ndi amayi a mpingo, amene sanachoke pakhomo pano masiku khumi. Likuthokoza anamwino amene anasamalira bambo. Likuthokoza okumba manda, ndi onse amene mwabweretsa nthochi, nsomba ndi nkhuni. Likuthokoza woyendetsa boti amene ananyamula bokosi. Likuthokozanso mlonda uja.

Pa pepala lanu, pambuyo pa mbiriyi palembedwa kuti mawu ochokera kwa a khansala. Banja lachotsa mzere umenewo. Asuweni, musadandaule, mpata wolankhula muupeza. Mawa m'mamawa ndikwera boti loyamba kupita ku Lae, kukadzipereka kupolisi. Ndakusungirani malo pambali panga. Ine ndikafotokoza chifukwa chimene ndinazulira msomali. Inu mukafotokoza amene anakupatsani mphamvu yopereka ng'oma ya amalume anu. Kope ndinyamula. Yakuda sikwera boti. Ikhala ndi mayi.

Tsopano tinyamuka kupita kumanda. Bambo anasiya kumva ng'oma imeneyi ndi makutu zaka zambiri zapitazo. Choncho bokosi lisanatsike, tiigunditsa kumutu kwake, monga ankaigunditsira kuchibwano chawo, ndipo ndimenya. Nonse mukhale chete. Mayi ndiwo anene ngati yafika.

Bambo Gesung Awalem, wosema ng'oma, mzimu wanu uuse mumtendere.