Khasu limene ndinagwira tsiku la maliro

Abusa, akulu ampingo, amayi ndi abambo, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni, koma umboni wanga ngwamanyazi. Mukaona ndikuyang'ana pansi, mungondipirira.

Ambiri mukundidziwa, ndine bambo a Lute, mkamwini wa m'mudzi wa kutsidya kwa mtsinjewu. Ndinakhala ku Halale zaka zisanu ndi chimodzi, m'fakitale ya fodya. Kumeneko munthu sudzuka chifukwa kwacha ayi, umadzuka chifukwa belu lalira. Kudya, belu. Kuweruka, belu. Ngakhale kupita kuthengo uyambe wapempha kwa kapitawo, iye n'kuyang'ana pa wotchi. Pobwera kuno ndinabwera ndi jekete, bulangete ndi wotchi yangayanga. Chimene sindinadziwe n'chakuti belu lija ndabwera nalo m'chifuwa muno.

Linkalira, abale anga, linkalira. Kunja kuli zii, nkhuku zikungodzipalasira, ine mtima uli thi thi thi ngati ndachedwa. Kuchedwa kuti? Kaya! Khosi louma gwa, mutu kuwawa mbali imodzi, m'mimba kuotcha. Kudya ndinkadya choimirira. Mayi akunyumba akachedwa kumtsinje, ine n'kuwalozera wotchi. Musaseke, inu kumbuyoko! Munthu woti sanapondepo pasukulu, ine kumamuonetsa manambala. Anzanga akaitana dima kuti tikalimirane, ndinkakana, ndinkati amenewo amangotaya nthawi ndi nyimbo. Kuchipatala cha mishoni anandimvetsera pachifuwa n'kunena kuti, "Bambo, matenda sitikuwaona. Mukuganiza kwambiri." Ndinatuluka nditafufuma ndi mkwiyo. Ndinayamba kuganizira anthu osalakwa kuti andilodza chifukwa cha jekete. Mulungu andikhululukire.

Tsono chaka chathachi, mvula ili pafupi, alangizi a malimidwe anati abwera Lachisanu kudzayeza mizere, ndipo wosamaliza akayankha kubwalo. Ine munda wanga wa mbatata ya kachewere unali utatsala theka. Lachitatu m'mudzi munamveka mfuu. Mwana wa a Nabanda, kamtsikana kosewera ndi Lute wathu, kanali katatisiya. Kuika kunali mawa lake.

Inu nonse mukudziwa kuti m'mudzi mukagwa maliro khasu siligunda munda. Khasu la tsiku limenelo ndi la kumanda basi. Musaganize kuti ndinaiwala, kapena kuti za ku Halale zinandisokoneza mutu. Ayi, ndinkadziwa bwinobwino. Lachinayi m'mawa ndinaima pakhomo, chifuwa chikugunda, ndikungoti mawa alangizi, mawa alangizi. Ndinazemba kuseri kwa nkhokwe, n'kutsika ndi kanjira ka m'nthochi, khasu lili paphewa.

Ndinalima, abale. Ndinalima. Nyimbo zamaliro zikumveka kumtunda, ine ndikuunga mizere ndi kukwirira mbewu. Amuna anzanga akukumba manda a mwana, ine ndikukumbira mimba yanga. Ondipeza anali amayi amene anatsika kudzatunga madzi ophikira pamaliropo, ndipo pakati pawo panali mayi akunyumba, mtsuko uli pamutu. Sanakuwe, sanatukwane. Anangoti, "Bambo a Lute, ndinu?" Bola akanandiphwanyira mtsukowo kumutu.

Maliro atatha, alamu anga a Phiri, mlongo wawo wa mayi akunyumba, amenenso ndi mwini mbumba, anandiitana pamaso pa ankhoswe. Sanachulutse gaga m'diwa. Anati, "Alamu, maliro n'kulirana. Akadzagwa m'nyumba mwanu, mudzakumba nokha? Mlongo wanga akuyenda chowerama m'mudzi wa amayi ake chifukwa cha inu. Tengani bulangete lanu, mukayambe mwapuma kwanu." Amuna anzanga akamwini, mukudziwa tanthauzo la mawu amenewo. Ukwati unali utapendekeka, Lute ndinali nditamutaya. Ndipo alangizi aja, Lachisanu limenelo sanabwere n'komwe.

Kwa amayi anga ndinachita manyazi kupitako. Ndinalowera kwa akulu anga, amene anakwatira kufupi ndi nkhalango ya Chongoni. Iwo ntchito yawo ndi kucheka matabwa ndi sowo ya anthu awiri, wina pamwamba pa chipika, wina m'dzenje. Ine anandiika m'dzenje. Tsiku loyamba ndinakoka sowo ija ngati ndikulimbana ndi mdani, sowo n'kukanirira, mzere n'kukhota. Akulu anga anangokhala pansi pachipika pomwepo.

"Mphwanga, ukuthamangira kuti? Mtengowu unamera iwe usanabadwe, suthawa lero. Ine ndikamakweza, iwe koka mpweya. Ukamatsitsa, utulutse. Ndipo chakumkonocho vula, kuno kapitawo ndi dzuwa."

Ndinakwiya, koma ndikanapita kuti? Ndinavula. Ndinayamba kupuma motsatira sowo, kukoka, kutulutsa, kukoka, kutulutsa, tsiku lonse. M'mawa tinkayenda wapansi kukwera mtunda, mphepo ya kuno ikuluma makutu. Dzuwa likafika paliwombo tinkasiya, ngakhale thabwa litatsala pang'ono, n'kukhala pamthunzi, kudya titakhala pansi ngati anthu, kutola masuku. Tiyi wakuda bii amene ndinazolowera ku Halale, kasanu patsiku, kumeneko kunalibe. Lamulungu sowo sinkagwiridwa. Patapita masabata ndinadabwa kuti khosi langa likutembenuka. Tsiku lina akulu anga anayambitsa nyimbo pamwambapo, ndipo ndinangozindikira ndikuvomera m'dzenjemo, utuchi uli m'kamwa. Ine, wonyoza nyimbo uja!

Pamthunzi pomwepo ndi pamene ndinawauza chimene sindinauzepo munthu, kuti kapitawo wa kufakitale anandimenya mbama pamaso pa anthu chifukwa chochedwa pang'ono, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinakhalenso pansi ndi mtima wonse. Ndinalira ngati mwana, bambo wandevu. Kupemphera kwa mawu ambiri kunandikanika. Ndinangoti, "Ambuye, ndatopa." Ndipo anandimva. Sindinganame m'nyumba ya Mulungu kuti zinatheratu, mtima nthawi zina umayambanso. Koma tsopano ukayamba ndimaika khasu pansi, ndimapuma, ndimauza munthu.

Mvula ili kumapeto, mayi akunyumba anatumiza mawu akuti, "Mbatata yanu yakhwima. Ine sindiikhudza." Ndinapita. Abale, mizere ya tsiku la maliro ija ndi imene inabereka koposa yonse, mpaka ndinachita nayo mantha. Ndinakumba, ndinadzaza thumba, ndinasenza kudutsa pakati pa mudzi masanasana, anthu akuyang'ana m'makonde, mpaka pakhomo pa a Nabanda. Ndinagwada pafumbi.

Ndinati, "Mayi, iyi ndinailimira tsiku limene munkaika mwana wanu. Sindingaidye. Ndinalakwa."

A Nabanda anayang'ana thumba lija. Ndinadikira. Kenaka anati, "Bambo a Lute, khasu lanu ndinkalimva. Nyimbo ikadukiza, ine ndinkalimva kumunsiko, kha, kha, kha. Ndinalumbira kuti sindidzakupatsaninso moni. Koma Lute amabwera pano tsiku ndi tsiku, amakhala pamene ankakhala mnzake. Ine ndataya mwana. Sindifuna kuona mwana akutaya bambo wake ali moyo."

Anamanga mpango kumutu, n'kunyamuka okha kupita kwa a Phiri. Munthu amene ndinamulakwira ndi amene anakandipepesera.

Lero ndi sabata yachitatu ndili m'nyumba mwanga. A Nabanda ali pompano, akhala kumbali ya amayi uko, ndipo mpaka pano ndikulephera kudzutsa maso kuti ndiwayang'ane. Zikomo mayi. Zikomo Ambuye, Inu amene simunandilipire monga mwa ntchito zanga. Abale anga, ine nyimbo sindingathe kuyambitsa. Ndithandizeni kukondwera. Amayi, nthungululu zimveke, abambo ombani m'manja, chifukwa Lute dzulo anandiitana kuti ababa, koyamba chibwerereni. Amen.